Nsapato za Malemu Bambo

Bambo atamwalira, amayi anangokhala ku Usisya miyezi iwiri. Kwawo kunali ku Dedza, ndipo zaka khumi ndi zitatu zonse abale a bambo sanaleke kuwatchula mlendo. Akayesa Chitonga, anthu ankaseka. Akaphika kondowole, nsima ya chinangwa ija, ankati ngwamadzi.

Tsiku lina tikuyanika chinangwa, kunabwera azakhali, mlongo wawo wa bambo. Sanakhale n'komwe pansi.

"Mulamu, ntchito yanu kuno yatha. Ana ndi athu, tinalowola. Mawa muzipita."

Mvula inali itagumula msewu, sitima yapanyanja nayo inali itadutsa kale. Njira inatsala imodzi, yokwera phiri lalitali la kuseri kwa mudzi wathu, kukatsikira mbali inayo kumene kumafika galimoto. Ine ndinali mwana woyamba, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndiye anandilola kuwaperekeza. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anatitsata pambuyo, ati kuti abwerere nane.

Amayi analibe nsapato zoti n'kupondera pamiyala. Anavala za malemu bambo, zachikopa, atatsendera nsanza kuzala kuti zisamavuke. Tinakwera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, iwo atasenza chikwama. Pamwamba panali mphepo yozizira. Nyanja inali pansi penipeni, mabwato akuoneka ngati timbewu ta mpunga. Amayi anatula katundu, nayamba kufunafuna ndi maso denga lathu pakati pa mitengo ya mango.

"Alamu, vulani nsapatozo," anatero bambo aang'ono. "Ndi za mkulu wanga."

"Chonde alamu, kutsogoloku ndi miyala yokhayokha. Ndikakafika ndidzazitumiza."

"Munabwera nazo pochoka kwanu?"

Amayi anakhala pamwala, namasula zingwe, navula nsapatozo. Bambo aang'ono sanazigwire n'komwe. Anangondilozera ndi mlomo kuti ndinyamule, ine n'kutola. M'kati mwake munali mukutenthabe.

"Uziwasambitsa ang'ono akowo," amayi anandiuza. Anasenza chikwama, nayamba kutsetsereka, akuponda mosamala ngati poyenda paminga. Ndinafuna kuwathamangira ndi nsapatozo, koma ndinaopa mbama. Ndinatsika nazo phiri lonse nditazikumbatira.

Kumudzi bambo aang'ono anaziyesa, koma zinawathina. Anaziponya kudenga la khitchini, kumene makoswe anazidya.

Ndinakawaonanso amayi patapita zaka zisanu ndi ziwiri, nditayamba ntchito yochapa zovala pa nyumba ina yogona alendo ku Chintheche. Ndinawapeza kudimba ku Dedza, ataonda, akutsimphina mwendo wakumanzere. Anati mwala unawacheka tsiku lomwe lija ndipo bala linatenga chaka kuti lipole. Anandifunsa ngati ang'ono anga awiri amawakumbukira. Ndinawanamiza kuti inde. Anamwalira chaka chotsatira, ndisanawapititsire anawo.