Tsamba limene Tahani anang'amba

Inu amene mwatopa ndi kukanidwa, imvani za Tahani wa ku Shubra, dera la mumzinda wa Cairo.

Tsiku limene bwana wa kampani ina ya mafilimu anamubwezera mapepala ake, Tahani anali atatha zaka zinayi ali wamasiye. Mwamuna wake Wagdi, woyendetsa ndege za nkhondo, ananyamuka m'mawa wina osabweranso. Nyumba ya kukampu ya asilikali Tahani anatulukamo, n'kubwerera kwa mayi ake, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsalu. Ankadyera kutayipa nkhani za mafilimu zolemba anthu ena, ndipo akapeza mpata ankalembako yake, yofotokoza za Wagdi.

Bwana uja anaiwerenga mokweza pamaso pa antchito ake.

"Ndege yaima m'malere, yabwerera chambuyo, yawombera. Amayi, iyi ndi ndege kapena ngolo ya bulu? Inu muzingotayipa basi."

Anthu anaseka. Tahani anatola mapepala ake, n'kuyenda wapansi mpaka kwawo. Chimene chinamuwawa kwambiri n'choti bwanayo sananame. Mwamuna wake ankamudziwa, koma ntchito imene inamupha sankaidziwa.

Anafufuza mpaka anapeza Kaputeni Safwat, amene ankauluka limodzi ndi Wagdi. Anali atapuma ntchito, msana utavulala tsiku limene anadumpha m'ndege ikuyaka.

"Za kumwamba ndinazisiya komweko, mwananga," anatero, osamuyang'ana n'komwe.

Tahani anabweranso Lachinayi lotsatira, ndi linanso. Ankangokhala kukhitchini ndi akazi awo a kaputeniyo, mayi Inshirah. Ulendo wachisanu mayiwo anatopa nazo.

"Bambo inu, tiyi wanga athera mwana uyu. Tsiku lonse mumandibowa ndi ndege zanuzo, lero wabwera wozifuna mwasanduka osalankhula?"

Kaputeni anapumira m'mwamba. Kenaka anatukula manja awiri, lina patsogolo lina pambuyo.

"Ili ndiwe, ili ndi mdani. Tayamba."

Tahani anaphunzira zaka ziwiri. Anadziwa kuti ndege ikakhota mwamphamvu imataya liwiro, ndipo wotaya liwiro ndiye amafa. Anadziwa kuti wochenjera amabwera kuchokera kumene kuli dzuwa, kuti mafuta amatha msanga kuposa ukali, ndiponso kuti kumenyana kwenikweni sikutha ngakhale mphindi ziwiri. Nkhani yake anailembanso kasanu ndi kawiri. Makampani ena atatu anaikana, ati mkazi angadziwe chiyani za nkhondo. Maso anayamba kumuvuta chifukwa chotayipa, anagula magalasi, n'kupitiriza.

Panatsala tsamba limodzi limene sanawaonetsepo a kaputeni. Pa tsambalo Wagdi, ndege yake itawomberedwa, ankalankhula pawailesi kutsanzikana ndi mkazi wake. Anali mawu okoma, mizere khumi ndi iwiri. Tahani ankawadziwa pamtima.

Tsiku lina anawapatsa tsambalo, kaputeni n'kuliwerenga mpaka kumapeto.

"Ukufuna ndikusangalatse kapena ndikuuze zoona?"

"Zoona, Kaputeni."

"Pokhota chonchija magazi amathawa kumutu. Maso amachita mdima, mutu umalemera ngati thumba la simenti. Munthu salankhula, amangobuula pofuna mpweya. Ine ndinali patsogolo pake tsiku limenelo. Ndinamva mawu ake."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Safwat, kumanja.' Ndinakhotera kumanja, ndikadali moyo. Iye poyang'anira ine sanaone amene anali kumbuyo kwake."

"Dzina langa sanatchule?"

"Analibe nthawi, mwananga."

Tahani anatuluka osatsanzika. Milungu itatu sanapiteko ndipo sanalembe kanthu. Zaka zonsezo chimene chinkamulimbitsa ndi mawu amene anadzilembera yekha, tsopano anauzidwa kuti sanalankhulidwepo. Mayi ake anamuuza kuti alisiye tsambalo mmene lilili, palibe angadziwe.

"Ndidziwa ndine, amayi," anayankha.

Analing'amba. M'malo mwake analemba mawu awiri aja, kupuma kwa munthu wobanika, kenaka wailesi kungoti zii.

Nkhaniyo inafika m'manja mwa wojambula mafilimu wina wachikulire amene sankatchuka kwenikweni. Anaitenga koma anapempha chinthu chimodzi, kuti pamapeto pakhale mawu otsanzika oti anthu alire. Tahani anakana, ngakhale ankadziwa kuti mwina khomo lomaliza ndi lomwelo. Mkuluyo anakaganiza masiku angapo, n'kuvomera.

Tsiku loyamba kuonetsa filimuyo, mu holo munadzaza oyendetsa ndege opuma ntchito ndi mabanja awo. Kumenyana konse kwa m'malere kunatenga mphindi imodzi ndi theka. Filimu itatha palibe anawomba m'manja. Azibambo a imvi anangoimirira mmodzimmodzi, ena atagwira ndodo, n'kukhala chiimire mpaka mayina onse a opanga filimuyo anatha kudutsa.

Pakhomo mayi wina wovala zakuda anamugwira dzanja Tahani.

"Mchemwali, wanganso sanabwere. Zaka zonsezi ndinkangouzidwa kuti anafa ngati ngwazi. Lero ndaona mmene zinkakhalira."

Tahani analembanso mafilimu ena asanu, ndipo olemba achinyamata mu Cairo akafuna kuika ndege m'nkhani zawo ankayamba akamuonetsa iye.

Nanunso mwina akubwezerani ntchito yanu uku akuseka. Musafulumire kunena kuti amakudani. Funsani chimene simukuchidziwa, pitani kwa wochidziwa, akakukanani mubwererenso mawa. Ndipo zoona zikadzakulandani chinthu chimene mumachikonda, lirani ndithu, mukatha mubwerere pa ntchito yanu. Mtima wokhawo musautaye.