Ndowa ya azakhali yatsala pamsika

Mwaswera bwanji nonse. Ndangochoka kumene pamsika wa Chiponde, mtima ukundiwawa.

Mukudziwa kuti boma laletsa kugulitsa zakudya zophikaphika chifukwa cha kolera. Azakhali a Esinati anamva ndithu, koma ankayesa kuti ndi malamulo aja a nthawi ya korona. M'mawa anakazinga utaka wawo monga mwa masiku onse, n'kutulutsa ndowa yawo ya mpopi yosambira m'manja, sopo watsopano, mpaka kuvala masiki. Amvekere, "Ine ndakonzeka, a boma abwere adzaone okha."

Anabweradi alangizi a zaumoyo, bambo aulemu wawo. Anayang'ana ndowa ija, kusamba m'manja bwinobwino, kenako anati, "Mayi, pamsika ponse pano aukhondo ndinu. Koma lamuloli silikusankha, zokazingazi musagulitse."

Abale, azakhali sanakangane nawo. Anangovula masiki pang'onopang'ono n'kufunsa kuti, "Ana amasiye atatu ndikulera aja, kolera akawasiya, njala iwasiyanso?"

Ine a boma sindikuwada ayi. Ku Lungwena taika maliro a kolera yemweyu, tonse tikudziwa. Koma utaka uja wabwerera kunyumba beseni lodzaza. Ndowa yokha aisiya pamsika, akuti a kabaza azisambako m'manja.

Ndiye titani? Achimwene a Yohane, usipa wouma sanaletse. Simungawatumizireko thumba limodzi kuchokera kunyanjako kuti ayambire pamenepo? Enanu mukuti bwanji? Yankhani lero lomwe, chonde. Azakhali mukuwadziwa, angagone ndi njala sabata yathunthu koma kupempha sapempha.