Mmene Ndinalowera M'buku la Matatu

Ku koleji kunali mnzanga wina amene tinkamuseka tonse. Ife tikuwerenga zachuma, iye akuzungulira m'midzi ndi kachipangizo kojambulira mawu, kupempha nyimbo kwa anthu oluka mphasa. Ndine amene ndinamufunsa pagulu kuti, "Iwe, udzadya nthano?"

Anadyadi, mwana wa eni. Anapita ku Amereka, nakhala zaka zambiri pakati pa anthu ochokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, akulemba za zithunzi zimene amapenta pamakoma ndi pamagalimoto awo. Lero ndi pulofesa. Ine ndili ku Gigiri, mumzinda wa Nairobi ku Kenya, kulemba malipoti amene ngakhale abwana anga safika nawo kumapeto.

Atabwera ku Nairobi anafikira kwanga ku Roysambu masabata awiri. Ankafuna kulemba za zithunzi za pamatatu, dzina la maminibasi a kuno. Ndine ndinamuonetsa pokwerera, ndinamumasulira Chiswahili cha makondakitala, ndinamupezera wopenta ku Kasarani. Bambo ameneyo, penti mpaka m'makutu, anasiya ntchito tsiku lonse kumufotokozera chifukwa chimene saikira nkhope ya munthu pafupi ndi tayala, pofika matope. Ine zaka zonsezi ndikukwera matatu omwewo, palibe anandiuzapo kanthu kupatula "shuka," kuti nditsike. Sindinama, nsanje inandigwira.

Tsiku lina magalimoto atathinana mu Thika Road, anatulutsa kachipangizo kaja. "Ndikujambule?" Sajambula munthu osapempha. Ndinati jambula, ndipo ndinakhuthula zonse: matatu ndi phokoso chabe, zithunzizo n'zachibwana, munthu wophunzira sangatayirepo nthawi. Iye ankangogwedeza mutu.

Buku litafika ndinathamangira patsamba la zothokoza. Ndinkangofuna dzina langa basi, mzere umodzi woti ndikaonetse ku ofesi. Wopenta uja analipo. Makondakitala atatu analipo. Ine ayi! Ndinamuimbira foni nditapsa mtima.

"Ulimo, mnzanga," anatero. "Ona mutu wachinayi. Dzina ndinabisa. Munthu akalankhula zimene zingamuchititse manyazi, pantchito yathu timam'teteza."

Ndinatsegula. Mutuwo unali wokamba za anthu amene amakwera tsiku ndi tsiku koma osaona kanthu. Mawu anga onse analimo, ngakhale kutsonya komwe anakulemba. Pansi pake panangolembedwa kuti: mayi wina wa mu ofesi, wokhala ku Roysambu.

Ndinawerenga katatu. Mawa lake ndinapita kuntchito pa takisi.