Gemu Imene Abambo Anaisiya Ili Chiimire

Kasetiyo inali yachikasu, yaing'ono ngati sopo wotha theka, ndipo kumbali inali yomatidwa ndi selotepi chifukwa inagwapo pansi. Papepala la pamwamba pake analembapo kuti mkati muli magemu masauzande. Linali bodza lamkunkhuniza. Analimo asanu okha, mayina ndi amene ankangosinthasintha: ya mpira, ya magalimoto othamanga, ya nkhonya, ina ya timiyala togwa kuchokera kumwamba imene sindinaimvetse mpaka lero, ndi ya ndege. Ikakana kugwira, abambo ankaizula, n'kuiuzira mpweya ngati akukoleza moto, n'kuibwezeramo. Nditakula ndinamva kuti kuuzirako sikunkathandiza kanthu, koma ine ndinkaiona ndi maso angawa ikugwira, ndiye musandiuze zambiri.

Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi pamene abambo anabwera nayo kuchokera ku Lilongwe, ntchito itawathera. Anafika ndi chikwama chimodzi cha zovala ndi katoni yaikulu. M'katonimo munali kanema wamng'ono wosaonetsa mitundu, batire la galimoto, sola yaing'ono, inveta yotengera moto wa batire kupita ku kanema, ndi makina a gemu okhala ndi zogwirira ziwiri za zingwe zimene tinkazitcha mapadi. Mudzi wathu uli m'munsi mwa phiri la Chongoni, ndipo magetsi tinkangowaona tikapita kumsika. Unali mudzi wa amayi. Abambo kwawo kunali cha ku Linthipe, kwathu kuno anali mkamwini.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, sanachedwe kunenapo. Anaima pakhomo tsiku lina, khasu lili paphewa, n'kutiyang'ana tili pamphasa maso ali pa kanema. Anangoti, "Sindinaonepo mkamwini wolima ndi zala ziwiri." Abambo anaseka, ine ndinakwiya. Lero ndikuvomera kuti amalume sankanama. Abambo ndi khasu sankamwerana madzi, kudimba ankapita mochita kukokedwa, ndipo mbatatesi za chaka chimenecho anazibzala ndi kuzikumba ndi amayi okha. Koma mwana saona zimenezo. Ine ndinkaona munthu wamkulu amene ankakhala nane pamphasa imodzi n'kumandifunsa maganizo, pamene akuluakulu ena onse ankangondituma.

Ya mpira inali yabwino, ya magalimoto ndinkangogubuduzika nayo, koma ya kumtima kwanga inali ya ndege. Munali ndege ziwiri zouluka limodzi, yakuda ya abambo, yotuwa yanga. Panali zigawo zisanu ndi zitatu. Tinkayamba pamwamba pa nyanja, kenako nkhalango, kenako chipululu, mpaka m'mizinda ya nyumba zazitali, ndipo kumapeto kwa chigawo chilichonse kunkabwera chindege chodzaza kanema yense, cholavula zipolopolo mbali zonse. Aliyense ankayamba ndi miyoyo itatu. Yako ikatha, unkatha kudina batani n'kutenga umodzi wa mnzako. Yanga inkatha msanga. Ndisanapemphe n'komwe, abambo ankanena osandiyang'ana, "Tenga wanga."

Vuto la makinawo linali limodzi: sankakumbukira kanthu. Ukangozimitsa, kaya unafika pati, mawa lake uyambiranso panyanja paja. Kuti ufike kutali unkayenera kukhala pansi kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, batire likhale lodzaza, ndiponso wina asapunthwe pa chingwe. Inali nyengo yozizira, chimanga chili kale m'nkhokwe. Zala zinkauma ndi chisanu moti ndinkayamba ndaziika m'khwapa ndisanagwire padi. Ndimakumbukira fungo la inveta ikatentha, ngati pulasitiki woyandikira moto, ndi kanyimbo ka chigawo chachitatu kamene mpaka pano ndimapezeka ndikukaimba potsuka mbale.

Amayi sankalowa tikamasewera. Ankadutsa pakhomo ndi ndowa kapena mtolo wa nkhuni, n'kuponya mawu amodzi okha: "Batire likatha tiunikira ndege zanuzo." Masiku amenewo ankayankhula pang'ono. Foni ya abambo ikalira, abambo ankakayankhira kuseri kwa khola, ndipo amayi ankasiya chimene akuchita n'kuyang'ana pansi. Ndinkaziona zonsezi, koma mutu wanga unali pa chindege cha chigawo chachisanu ndi chimodzi chimene chinatikanika milungu iwiri.

Loweruka lina kunacha bwino, kopanda mtambo. Tinayamba titangodya, ndipo tsiku limenelo zonse zinkangotiyendera. Tinadutsa chachisanu ndi chimodzi, tinadutsa chachisanu ndi chiwiri koyamba m'moyo wathu, n'kulowa chomaliza tili ndi miyoyo inayi. Pomwepo panja panamveka odi. Anali amalume, ndipo anali ndi azibambo awiri a kwawo kwa abambo amene ndinawaonapo kamodzi pamaliro. Abambo anadina batani loimitsa. Ndege ziwiri zija zinaima m'malere, zipolopolo zili lende pozizungulira.

Anakakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, amuna pamipando, amayi pamphasa chapatali pang'ono. Ine anandiuza kuti ndisatuluke. Sindinadandaule, ndinali ndi ntchito yolondera kanema. Ndinkaganiza kuti akukamba za mbuzi zathu zimene zinkalowa m'dimba la eni. Anakhalitsa, mpaka mthunzi wa mtengo unafika pakhonde. Mawu okha amene ndinawamva bwino anali a amalume, pamene ankaimirira: "Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

Abambo analowa n'kuyamba kulonga zovala m'chikwama chija. Ndinawafunsa ngati tipitirize. Anayang'ana kanema nthawi yaitali. Kenako anazimitsa kanema yekhayo, makina a gemu n'kuwasiya oyaka, kanyali kake kofiira kakuoneka. Anandifotokozera kuti kanema ndi amene amadya batire, koma makinawo amangonyambita, ndipo malinga kanyaliko kakuyaka, ndege zathu zili pomwe tazisiya. Anandigwira pamutu n'kunena kuti, "Usazimitse. Tidzamaliza ndikabwera." Ndinawaperekeza mpaka pa mlatho wa mitengo, n'kubwerera chothamanga kukaona ngati kanyali kakadali moyo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka msilikali. M'mawa ndisanapite kusukulu ndinkapukuta sola ndi chitenje, n'kuitsamiritsa pa thandala la mbale kuti iyang'ane kotulukira dzuwa. Ndikaweruka ndinkathamanga osadikira anzanga kuti ndikaitembenuze. Aphunzitsi anandikwapulapo kawiri chifukwa chothawa ntchito ya kumunda wa sukulu, ndipo sindinalire. Ndinaletsa babu la pabalaza. Ndinaletsa wailesi, imene amayi ankamverapo nyimbo za kwaya akamasenda mbatatesi. Ndikaganiza lero, manyazi amandigwira: kamwana ka sitandade 4 kulamula mayi wake m'nyumba yawo yomwe. Amayi sanatsutse. Anatulutsa koloboyi wakale, n'kumasenda mbatatesi zawo mwakachetechete.

Amalume anabwera tsiku lachinayi kuti atchaje foni. Ndinaima kutsogolo kwa batire manja nditatambasula. Anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kuuza amayi kuti azimitse chinthucho, mwana asapusitsidwe. Amayi anali pakhonde akupeta nyemba, ndipo sanadzutse mutu. Anati, "Musiyeni mwanayo, achimwene." Amalume anapita ndi foni yawo yozima, akung'ung'udza njira yonse.

Amene anakhalapo kwathu amadziwa zimene mwezi wa Julaye umachita. Tsiku lachisanu ndi chiwiri tinadzuka phiri lonse litasowa. Nkhungu inatsika mpaka pakhomo, kamvula kosamveka kugwa kakunyowetsa chilichonse, ndipo dzuwa silinaoneke ngakhale pang'ono. Ndinapukuta sola kambirimbiri ngati kuti vuto ndi fumbi. Mawa lake chimodzimodzi. Inveta inayamba kulira, kaphokoso kakang'ono ngati mwanapiye wotayika, ndipo ndinkaifunditsa bulangete langa poganiza kuti ikumva kuzizira. Ndinapemphera kuti dzuwa lituluke, pemphero loona mtima kuposa onse amene ndinapempherapo kutchalitchi. Tsiku lachitatu la nkhunguyo nditabwera kusukulu, m'nyumba munali zii. Kanyali kanali katazima.

Ndinalira kulira kumene sindinalire tsiku limene abambo ankapita. M'mutu mwanga nkhani inali yachidule: anandisiyira chinthu chimodzi chokha choti ndisunge, ndipo ndachitaya. Akabwera n'kupeza ndege zabwerera panyanja adzati ndine wosasamala. Mwinanso akamva sadzabwera n'komwe, chifukwa adzabwerera chiyani? Amayi anandipeza nditagona pamphasa, nsapato zili kuphazi. Sanandinyengerere. Anangondivula nsapatozo n'kundifunditsa.

Dzuwa litabwerera ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndizibwezera ndegezo pamalo pake, abambo asadzadziwe kanthu. Koma ndekha sindinkadutsa chigawo chachinayi. Komanso pankafunika ndege zonse ziwiri, chifukwa yakuda ikapanda kunyamuka nawo poyamba, singalowe pakati panjira. Ana a amalume sindikanawaitana, akanakaulula kwawo tsiku lomwelo. Ndinayesa kugwira padi imodzi ndi manja, ina ndi zala za kuphazi. Ndi mmene amayi anandipezera masana ena atabwera kudimba, matope ali m'miyendo. Anaima pakhomo kanthawi. Kenako anasamba m'manja, anakhala pamphasa pamalo pa abambo, n'kunena kuti, "Tandionetsa podina."

Amayi anali mbuli ya gemu yotheratu, Mulungu andikhululukire. Padi ankaigwira ngati lichero. Akafuna kuti ndege ipite kumanzere ankapendekera thupi lonse kumanzere mpaka kundigunda phewa, chala osadina kanthu. Zala zawo zinali zong'aluka ndi madzi ozizira a kudimba, ndipo chala chachikulu chinkadina mabatani awiri nthawi imodzi. Miyoyo yawo itatu inkatha tisanaone n'komwe nkhalango. Ndinkawakalipira, ine mwana, ndipo iwo ankangoti, "Pepani aphunzitsi." Tsiku lina anawombetsa ndege yawo pa chindege chachikulu mwadala, ati amafuna aone ngati chingagwe, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ndinali ndisanamve kuseka kwawo chichokereni abambo. Ndinapezeka ndikunena mawu aja ndekha, osawayang'ana: "Tengani wanga."

Zinatitengera milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Amayi ankabwerako kudimba msanga chifukwa cha ine, ndipo amalume ananenapo kuti matenda a mkamwini aja alowa nyumba yonse. Pang'onopang'ono amayi anaphunzira. Sankathamangira adani ngati abambo. Ankakhala kumunsi kwa kanema, kumangozemba, kudikira mpata, ndipo ankaloweza pamene mdani aliyense atulukire kuposa ine. Chindege cha chigawo chachisanu ndi chimodzi, chimene chinazunza abambo milungu iwiri, anachigwetsa ndi amayi ine nditafa kale.

Tinafika chomaliza mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi pabwalo. Titangolowa ndinadina batani loimitsa. Tinali ndi miyoyo itatu, osati inayi, koma ndinati abambo sangakumbukire. Amayi anakhala padi ili m'manja, akupuma ngati akwera chitunda. Anandifunsa motsitsa mawu, "Bwanji tingomaliza?" Ndinayankha kuti ayi, chomalizacho n'cha abambo. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona ngati akufuna kunena kanthu. Anaika padi pansi bwinobwino, anakulunga chingwe chake monga ankachitira abambo, n'kuti, "Chabwino." Madzulo amenewo anayatsanso koloboyi.

Abambo sanabwere. Ndinadzawaonanso ndili ku sekondale, pa depoti ku Lilongwe, atanyamula mwana wina paphewa, ndipo za ndege sitinakambe. Zimene zinachitika pansi pa mtengo wa mapichesi anandiuza ndi amalume patapita zaka zambiri, pamene ankakonzekera kukhala nkhoswe ya ukwati wanga. Abambo anali ndi mkazi wina m'tauni, ndi mwana. Tsiku lija abambo anapepesa, abale awo anapepesa, ngakhale amalume amene, ndi mkamwa mwawo monse muja, anapempha amayi kuti apirire chifukwa cha ine. Amene anakana anali amayi. Ananena kamodzi kokha kuti bamboyo anyamule chikwama chake dzuwa lisanalowe, ndipo asadzapondenso pakhomopo.

Ndiye kuti masana onse aja, atakhala pamalo pa munthu amene anamuchotsa okha, akuyendetsa ndege yake ndi zala zong'aluka kuti akaiimike pomwe anaisiya, amayi ankadziwa kuti palibe amene akubwera. Akanatha kundiuza ndi mawu awiri, babu n'kuyaka, wailesi n'kuyambanso kuimba. Ine ndinkaganiza kuti m'nyumba muja tonse awiri tikudikira abambo. Sindinkadziwa kuti amayi ankadikira ine, kuti nditope ndekha.