Khola la ku Girisi ndi Mapazi a Amayi

Ndinali ndi zaka khumi, patangotha chaka chimodzi chichokereni ku Zomba, pamene sukulu yathu ya ku Rotherham, kuno kudziko la azungu, inalengeza kuti kudzakhala tsiku la Agiriki. Temu yonseyo tinkaphunzira za anthu akale a ku Girisi: milungu yawo yokonda kukangana ngati akazi apamitala, ndi ngwazi zawo zomwe zinkangokhalira kutumidwa maulendo osatha. Kalata yomwe anatipatsa inati mwana aliyense adzabwere atadzikulunga nsalu yoyera, ndipo makolo adzafike masana kudzaonerera.

Kalasi yathu inagawana nkhani ya mwamuna wina wadzitho yemwe analamulidwa kugwira ntchito khumi ndi ziwiri zosatheka. Anzanga analandira mkango, ena njoka ya mitu yambirimbiri. Ine tsoka langa, ndinalandira khola. Mfumu ina inali ndi ng'ombe zosawerengeka, ndipo khola lake linatha zaka makumi atatu lisanachotsedwe ndowe. Ngwaziyo inauzidwa kuti iliyeretse tsiku limodzi. Inangopatutsa mtsinje, madzi n'kukokolola zonse, basi dzina lake likutchulidwa mpaka lero.

Amayi anga kwathu anali nesi pachipatala chachikulu. Kuno mapepala awo anali asanavomerezedwe, choncho ankagwira ntchito ya keya, kusamalira nkhalamba m'nyumba ina yapafupi ndi sukulu yathu. Bambo anali akadali ku Zomba, kudikira chilolezo. Amayi ankachoka ine ndisanadzuke, n'kubwera madzulo atavala yunifolomu ya buluu wotuwa, akununkha mankhwala otsukira. Ankayamba akhala kaye pampando wa pakhomo, chikwama chili pamiyendo, maso ali kukhoma.

M'kalasi mwathu munali mtsikana wina dzina lake Chloe, yemwe agogo ake ankasungidwa m'nyumba imene amayi ankagwira ntchito. Tsiku lina tikuyeserera, nditangomaliza kunena za ndowe zija, iye anakweza dzanja, n'kundiloza, n'kunena m'Chingerezi kuti, "Amayi ake a Tiyamike ndi amene amapukuta agogo anga akadziipitsira." Ndikaganiza lero, mwina mwanayo sankanyoza n'komwe, ankangonena zomwe ankadziwa. Koma kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo mnyamata wina anati nkhani ya ndowe yapeza mwini wake.

Kalata ija ndinaipinda n'kuiponya m'bini ya pasiteji ya basi. Kunyumba ndinangonena za nsalu yoyera.

"Makolo sakufunika?" anafunsa amayi.

"Ayi, n'za ana okhaokha."

Nsalu zathu zonse za pabedi zinali zamaluwamaluwa. Amayi anatsegula sutikesi n'kutulutsa nsalu yoyera yomwe ankayala patebulo abusa akabwera kudzationa, nsalu yomwe ine sindinkaloledwa ngakhale kuikhudza. Anandikulunga nayo atatopa choncho, mapini ali kukamwa. "Ima bwino iwe, ndingakubaye," anatero. Atamaliza anabwerera m'mbuyo n'kundiyang'ana, ndipo anaseka koyamba sabata imeneyo. Anati ndikuoneka ngati mngelo wa pa Khirisimasi amene wasochera.

Tsikulo linafika. Holo inkanunkha mbatata zomwe tinadya masana, ndipo makolo anadzaza mipando, majasi awo akudontha mvula. Ndinaima pamzere kudikira nthawi yanga, mtima uli m'malo, podziwa kuti bodza langa layenda. Kenako chitseko chakumbuyo chinatseguka, chikuku n'kulowa. M'chikukumo munali gogo wa tsitsi la mbuu, atafunditsidwa bulangete m'miyendo. Wokankha anali amayi. Makolo a Chloe anali atapempha kuti agogowo abweretsedwe kudzaona mdzukulu wawo, ndipo mwa antchito onse a m'nyumba ija, ntchitoyo inagwera amayi anga.

Ndinawaona akuyang'ana makolo onse aja, mzere ndi mzere. Kenako anandipeza ine, nditavala nsalu ya abusa. Sanakwinye nkhope. Anaimika chikuku kumapeto kwa mzere, ndipo ngakhale panali mpando wopanda munthu, iwo anagwada pansi pambali pa gogoyo, monga timachitira kwathu tikamalankhula ndi wamkulu. Anatulutsa kansalu n'kumupukuta dovu pachibwano. Abale inu, kugwada kumeneko ndi komwe kunandiwotcha kuposa yunifolomu. M'holo yonse munalibe munthu wina wogwada, ndipo ndinkaona ngati aliyense akuwayang'ana.

Nkhani yanga ndinaithamangitsa, maso ali pansi. Anthu anaomba m'manja mwa mwambo chabe. Pambuyo pake panali tiyi ndi mabisiketi, ana akuthamangira makolo awo. Aphunzitsi athu, mayi wachifundo ndithu, anandipeza nditaima ndekha n'kundifunsa ngati panabwera wina wakwathu. Amayi anali pafupi, mwina mapazi anayi okha, akumwetsa gogo uja tiyi.

"Ayi, palibe," ndinatero.

Amayi sanacheuke. Tiyi pang'ono anatayikira pabulangete, iwo n'kupukuta, n'kupitiriza kumwetsa.

Madzulo ndinkayembekezera patapata, ndipo kunena zoona ndinkailakalaka, chifukwa mkwapulo umatha. Amayi analowa, n'kukhala pampando wawo uja nthawi yaitali. Kenako anati, "Tenga beseni, uthiremo madzi ofunda." Nditabweretsa anandiuza kuti ndiwavule nsapato. Ndinali ndisanawaonepo mapazi awo pafupi chotero. Anali otupa mpaka akakolo osaoneka, ndipo sokosi zinali zitasiya mizere yakuya pakhungu.

"Nkhani yako ija sindinaimve bwino, unkathamanga ngati wakuba," anatero. "Inene m'Chichewa. Manjawo asaime."

Ndinainena, ndikuwasisita mapazi m'madzimo. Mfumu, ng'ombe, zaka makumi atatu, mtsinje. Nditamaliza maso awo anali chitsinzinire, mpaka ndinaganiza kuti agona.

"Ng'ombezo anazipha?"

"Ayi."

"Ndiye kuti zinapitiriza kudya."

"Eya."

"Nanga ng'ombe ikadya imatani?"

Ndinangopitiriza kusisita mapaziwo.

"Tsono bambo wakoyo atatsuka n'kupita kukaomberedwa m'manja, mawa lake kutacha anabwera ndani ndi fosholo?"

Ndinati buku silinanene.

"Eetu, silinganene." Anatulutsa phazi limodzi m'madzi n'kuliika pathaulo. "Ine za mabuku a eni ake sindidandaula nazo. Ngakhale ana aja aseke, aseke, sadziwa kanthu. Koma iwe Tiyamike, mwana wobala ndekha, kunena kuti palibe?" Mawu awo sanakwere. Anali mawu a munthu amene alibenso mphamvu zokalipira. "Pukuta, ndikapume. Mawa ndilawirira."

Ndinalira, koma kupepesa sindinapepese. M'mawa mwake amayi anali atapita kale kuntchito. Sabata inatha, kenako chaka, ndipo nkhaniyo sitinaitchulenso. Nsalu ija anaichapa n'kuibweza m'sutikesi.

Lero ndine nesi pachipatala china kuno ku Sheffield, ndipo ndili ndi mwana wanga, Dalitso. Amayi anadwala sitiroko zaka ziwiri zapitazo, mbali imodzi n'kufa, ndipo amakhala nafe. M'mawa uliwonse, ndisanakakwere tramu, kasitima ka m'tauni kaja, ndimawasambitsa, kuwasintha thewera, kuwadzoza mafuta. Ndikafika kuntchito ndimakachitanso zomwezo kwa makolo a anthu ena. Ndisakunamizeni, ndatopa. Masiku ena ndimaima pakhomo la chipinda chawo, beseni lili m'manja, osafuna kulowa. Ndimalowabe, chifukwa dzulo ndinatsuka koma lero kwachanso.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ndikamawapukuta amatembenuzira nkhope kukhoma, n'kunena ndi pakamwa pawo popindikapo kuti, "Pepa, mwanangu." Iwo kupepesa ine! Ndinayesa tsiku lina kuwakumbutsa za holo ija kuti ndilankhule zomwe ndinalephera ndili mwana. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ngati Dalitso wadya. Sindikudziwa ngati anaiwaladi kapena anangondikhululukira mwa njira yawo, ndipo sindidzadziwanso.

Ndili mwana ndinkayesa kuti ngwazi ndi munthu wogwira ntchito yaikulu imene ena alephera. Tsopano ndikudziwa kuti ntchito yolemetsa ndi ija yosatha, yomwe umaimaliza madzulo n'kuipeza m'mawa ikukudikira, popanda woomba m'manja. Ndikudziwanso kuti munthu woigwira angapirire fungo, msana ndi chiseko cha anthu, koma osati kukanidwa ndi wake yemwe.

Sabata yatha Dalitso anabwera ndi kalata ya kusukulu. Zaka zonsezi zadutsa, koma tsiku la Agiriki likadalipo, nsalu yoyera yomwe ija, makolo masana. Anandifunsa m'Chingerezi chake ngati ndidzabwere, ndipo ndinaona maso ake akupita kuchipinda cha agogo ake n'kubwerera msanga. Maso amenewo ndimawadziwa bwino. Pakalatapo panali malo olembapo chiwerengero cha obwera. Ndinalemba kuti tidzabwera awiri, ndipo atisiyire malo a chikuku kutsogolo.