Msewu wa Mayi Mafunde Wopita Pansi pa Nyanja

Ana asukulu ndi amene anawapatsa dzina lakuti Mayi Mafunde, ndipo linawakanirira mpaka dzina lawo lenileni linangotsala pa makalata a kuntchito. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, choko chosachoka m'zala. Anaphunzitsa sayansi pa sekondale imodzimodziyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, m'kalasi yakumapeto kwenikweni, imene windo lake lina linali lotseka ndi katoni.

M'buku la ana nkhani ya nyanja zamchere inali masamba anayi okha. Aphunzitsi ena ankaidumpha ngati ngalande, tsiku limodzi yatha. Mayi Mafunde ankaikoka milungu itatu. Matendawa anawatenga ali ku koleji, tsiku lina atapeza mu laibulale buku lothothoka chikuto. Munali chithunzi cha nsomba ya mano ngati misomali, itanyamula nyali yakeyake pamphumi. Anawerenga ali chiimire mpaka woyang'anira mabuku anachita kuwalizira makiyi kukhutu.

Amuna awo anali owotcherera zitsulo. Shopu yawo inali kuseri kwa nyumba, ndipo ankapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi. Anali munthu wa nthabwala.

"Ine ndiye ndili pa mitala," ankawauza makasitomala. "Mkazi wanga anakwatiwanso ndi nyanja. Mwayi wanga ndi wakuti mwamuna mnzangayo amakhala kutali."

Koma ndi iwo omwewo amene ankapanga zida zonse zophunzitsira. Anawotcherera chitini chachitali cha mabowo atatu, lina pamwamba, lina pakati, lina pansi. Mayi Mafunde akachidzaza madzi pakhonde la kalasi, bowo lapamwamba linkangodontha, lapansi n'kumathovola madzi mpaka pa nsapato za ana akutsogolo.

"Mwaona? Madzi amalemera," ankatero. "Ukatsika pansi, madzi onse a pamwamba amakhala pamsana pako."

Chinkawavuta chinali kuya. Ukamuuza mwana kuti pena nyanja ndi yakuya makilomita pafupifupi khumi ndi limodzi, amalemba m'kope n'kuyasamula. Loweruka lina Mayi Mafunde anatengana ndi amuna awo, chingwe cha mamita zana ndi kachitini ka penti yoyera, n'kuyamba kuyeza msewu kuchokera pageti la sukulu, akupenta miyala m'mbali mwake ngati zizindikiro za kuya kwa nyanja. Anthu ankaganiza kuti kukubwera phula.

Atapempha kuti ayende ndi ana mumsewuwo, ahedi poyamba anakana. "Mayi, ana akakakomoka ndi dzuwa, makolo adzadya ine, osati inu."

"Adzanyamula madzi, bwana. Wotopa adzabwerera ndi aphunzitsi a masamu."

Ahedi anapukusa mutu, koma anasaina.

Kuyambira chaka chimenecho, kalasi iliyonse inkatsika m'nyanja wapansi. Geti la sukulu linali pamwamba pa madzi. Akayenda mamita mazana awiri ankafika pakhonde la telala, ndipo Mayi Mafunde ankakweza dzanja.

"Pano kuwala kwayamba kuthawa. Chofiira chonse chasanduka chakuda."

Telala ankaimitsa makina ake. "Aphunzitsi, mwabweranso kudzamiza ana a eni?"

Pa kilomita imodzi panali chigayo. Pamenepo ana ankatsinzina, aliyense atagwira phewa la mnzake, chifukwa apa ndiye mdima wandiweyani, dzuwa silinapondepo chilengedwere dziko. Ali chitsinzinire, mayiwo ankawafotokozera za zamoyo zoyaka zokha ngati ziphaniphani, za kuzizira kolasa m'mafupa, za anthu awiri atatu opanikizana m'kachombo kachitsulo, akusuzumira pakawindo kochepa ngati mbale. Pamlatho, chakumakilomita anayi, panali pansi pa nyanja zambiri. Ofooka ankabwerera pamenepo. Amakani ankapitirira mpaka pa siteshoni yakale ya sitima, pozama mapeto, n'kukhala pansi panjanji.

Chaka china m'kalasimo munali mtsikana amene anzake ankamutcha Natulo. Ankadzuka kusanache kuthandiza mayi ake kuphika zokagulitsa kumsika, ndiye pofika peliyodi yachiwiri mutu unkakhala uli padesiki. Paulendo wa chaka chimenecho, atafika pamlatho, Natulo anaimika dzanja, zimene anali asanachitepo.

"Madamu, inuyo nyanjayo munaionapo?"

Mayi Mafunde anamva bodza likukwera pakhosi, lokonzeka kale. Palibe akanawagwira. Analimeza.

"Sindinaionepo, mwanawe."

"Nanga mukudziwa bwanji?"

"Ndimamva kwa amene anapitako, monga iwe ukumvera kwa ine."

Natulo anangogwedeza mutu, osaoneka kuti wakhutira. Mayeso a chaka chimenecho sayansi anailephera.

Madzulo Mayi Mafunde anawafotokozera amuna awo, manyazi akadali m'maso. Bambowo anavula magalasi awo akuda owotcherera n'kukhala pa benchi.

"Mwanayo sanalakwe. Mukadzapuma ntchito tidzapita. Ndikufuna ndikamuone ndi maso mwamuna mnzangayu."

Sanapite. Kutatsala zaka ziwiri kuti mayiwo apume, bambowo anagwa mushopu masanasana, geti la munthu lili theka. Mayi Mafunde anamaliza zaka ziwirizo, koma ulendo wa pamsewu anausiya. Miyala ya penti yoyera ija anaipenta awiri, ndipo sankatha kuiyang'ana. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, ankawanyengerera kuti awatengere kunyanja pa tchuthi.

"Amayi, ndi masiku awiri okha pa basi."

"Mawondo, mwanangu," ankayankha choncho. Mwanayo ankadziwa kuti si mawondo, ndipo anasiya kufunsa.

Panapita zaka. Phula linabweradi, miyala inakankhidwira kudzala, telala anamwalira, pachigayo anamangapo sitolo ya mafoni. Tsiku lina chakum'mawa, Mayi Mafunde akusankha mbewu za maluwa pakhonde, pageti panaima mayi wina wathupi, chikwama chili paphewa.

"Madamu, simungandizindikire. Ndine Natulo."

Anamuyang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka kukhosomola. "Wadzuka tsopano? Lowa, khala apa."

Natulo anafotokoza njira yake. Sukulu itakanika anakaphika kuhotela, kuchoka apo kudoko, mpaka anapeza ntchito yophikira anthu pa sitima ya akatswiri ofufuza za pansi pa nyanja. Anali atakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kanthu kokulunga m'mpango. Kanali kakapu koyera kokwinyika, kochepa ngati chivindikiro cha botolo la mankhwala.

"Iyi inali kapu yopepuka ngati thovu, zija zomwera tiyi n'kutaya, yaikulu bwinobwino. Akamatsitsa makina awo pansi, amatilola tilembe pa makapu, n'kuwamangirira kunja m'kathumba. Yanuyi inatsika makilomita anayi. Ndinawauza kuti pamenepo ndi pamlatho."

Mayi Mafunde anavala magalasi. Timalemba tinali titafinyika ngati nyerere, koma tinkawerengeka: Mayi Mafunde. Anakatembenuza kakapuko kangapo m'dzanja. Anafuna kuitana kushopu kuti bambo adzaone zimene madzi amachita, ndipo pakamwa panali patatseguka kale. Anadzuka n'kukateleka madzi a tiyi, n'kukhalitsako pang'ono kukhitchini.

Atabwerako anali ndi kope ndi bolopeni. "Tsopano mphunzitsi ndiwe. Yamba. Nyanjayo imanunkha bwanji?"

"Madamu, musandione ngati katswiri. Ine ndimaona mapoto basi. Mbaula yake ili ndi timipanda kuti mapoto asathawe sitima ikamavina. Mwezi woyamba ndinasanza mpaka ndinalapa machimo a anthu ena."

Anacheza mpaka mthunzi unachoka pakhonde. Natulo ananena za mchere wouma pa milomo, za madzi amene pakatikati sakhala obiriwira koma akuda ngati inki, za akatswiri amene amaiwala kudya akaona kanyongolotsi pa kanema. Kenako ananena kuti tsiku lina anamuitana, n'kumuveka zomvera m'makutu kuti amve za pansipo.

"Phokoso lake, madamu. Kuli kulira, kuli kugogoda, kuli kuthetheka ngati mafuta pamoto. Anangumi amaitanizana ali kutalitali."

Bolopeni inaima. "Phokoso? Ine ndinkawauza ana kuti kumeneko kuli chete ngati kumanda. Buku langa lija linkatero."

"Ine sindinamve zimenezo. Mwina ndinali m'tulo."

"Ndiye unapulumuka wekha. Enawo ndinawanamiza, kalasi ndi kalasi."

Nkhaniyi sanaitenge mwamasewera. Lolemba lotsatira anavala diresi yawo ya kuntchito n'kupita kusukulu kuja, kwa mphunzitsi wachinyamata amene anatenga malo awo. Iye anawalandira mwaulemu, n'kuwaonetsa pa kompyuta kuti zimenezo ana masiku ano amazimva ndi makutu awo. Anawapempha alankhule ndi kalasi. Analankhula mphindi makumi anayi, kakapu kakuyenda m'manja mwa ana, ndipo mawu awo anamvekanso mpaka ku ofesi ya ahedi.

Otsala anali ana awo akale, amene anadzaza tauni yonse. Ena anali madalaivala, ena ogulitsa m'sitolo, wina anali ndi zidzukulu kale. Aliyense amene ankakumana naye, kumsika kaya pamzere kuchipatala, ankamugwira pamkono.

"Iwe, unali m'kalasi mwanga chaka chiti? Zija ndinkati pansi pa nyanja kuli chete, ufufute. Kuli phokoso."

Ambiri anali ataiwala kalekale kuti anauzidwapo zimenezo. Kondakitala wina wa imvi anawathandiza kukwera basi, n'kuwakhazika pampando wakutsogolo, akumvetsera mwaulemu mpaka anamaliza.

"Ndamva, madamu," anatero. "Ndikafika kunyumba ndikafufuta."