Mayi wa pa Chambe

Tsiku limenelo chiperoni chinali chitakuta phiri lonse, ndipo madontho ogwa pa malata a tchalitchi ankamveka kuposa kwaya. Mapemphero atatha, akulu a mpingo anandiitanira ku kachipinda kawo.

Ndinayamba kuthamanga mkazi wanga atamwalira, chifukwa m'mamawa m'nyumba munkangoti zii. Januwale aliyense ndinkadziikira malo atsopano obwererapo, kutali kuposa chaka chatha. Sindinkadziwa kuti abale mwa Ambuye ankanditsatira mwachidwi chotere. Pamene ndinkabwerera pa chigayo cha ku Limbuli, anati ndikufunsira mayi wamasiye wogulitsa nthochi pamenepo. Nditatalikitsa mpaka ku esiteti, anandipezera wina wothyola tiyi. Tsopano ankafuna kundiletsa kulalikira.

"Bambo, munthu wa msinkhu wanu sangamangothamanga popanda chomuthamangitsa," anatero a tcheya. "Chaka chino mukalekezera kuti?"

"Pamwamba pa phiri la Chambe, Mulungu akalola."

Anayang'anana. Kenako alembi anafunsa motsitsa mawu, "Mayi wake wa kumeneko ndani?"

Ndinawapempha kuti tidzathamangire limodzi, akamuone okha. Palibe anabwera, ndipo Lamulungu lotsatira ndinalalikira monga mwa masiku onse. Ndinawakhululukira.